Mmene mungawerengere All Star Batman & Robin osaiponya pansi pa gawo lachiwiri

Ngati mwaipeza komiki ya All Star Batman & Robin, the Boy Wonder, kaya ndi buku lenileni kaya ndi pafoni, musathamangire kukafufuza zomwe anthu ananena za iyo. Mukatero mudzaiwerenga ndi mkwiyo wobwereka, umene unawira pakati pa 2005 ndi 2008, ndipo mbali yaikulu ya mkwiyowo inabwera chifukwa cha kudikira. Inu simudikira aliyense. Magawo onse alipo kale, ndiye mutha kuiona bwino kuposa omwe ankaigula ikungotuluka kumene.

Dziwani kaye chomwe anthu ankayembekezera. Mu 2005 kampani ya DC Comics inayambitsa makomiki otchedwa All Star, cholinga chake kupereka ngwazi zake zotchuka kwa alembi ndi ojambula akuluakulu kuti alembe momasuka, osamangika ndi nkhani zakale. Superman anampereka kwa Grant Morrison ndi Frank Quitely. Batman anapita kwa Frank Miller, yemwe analemba The Dark Knight Returns mu 1986 ndi Batman: Year One mu 1987, mabuku omwe anasintha mmene anthu amamuonera Batman mpaka lero. Wojambula anali Jim Lee, yemwe anali atatchuka ndi nkhani ina ya Batman yotchedwa Hush. Gawo loyamba litatuluka mu July 2005 linagulidwa makope oposa 300,000, ndipo palibe komiki ina inaiposa chaka chimenecho. Ku America komiki zotere zimatuluka mwezi ndi mwezi kapena pakatha miyezi iwiri, ndipo owerenga amaitanitsiratu kusitolo. Koma chaka chonse cha 2006 kunatuluka gawo limodzi lokha, lachinayi. Lachisanu linabwera patatha chaka. Pofika September 2008 magawo anali 10, ndipo mpaka pano akadali 10.

Choncho chinthu choyamba kuchita ndi kuvomereza kuti nkhaniyi ilibe mathero. Mu 2010 a DC analengeza kuti ipitirira ndi dzina latsopano, Dark Knight: Boy Wonder, magawo 6 kuyambira February 2011, koma sinatuluke. Buku lomwe anasonkhanitsamo nkhaniyi mu 2008 lili ndi magawo 9 oyambirira, ndipo ine ndimalangiza kuti gawo la 9 mulitenge ngati pothera. Ndifotokoza chifukwa chake pansipa. Gawo la 10 limatsegula zitseko zatsopano, za banja la wapolisi Jim Gordon, za Batgirl ndi za Catwoman, zomwe palibe anabwera kudzazitseka.

Musanayambe, werengani Year One, ndipo ngati mungathe The Dark Knight Returns. Miller ananena kuti nkhani zonsezi ndi za Batman mmodzi yemweyo pa misinkhu yosiyana. Ya All Star ili pakati: mnyamata wamphamvu, wongoyamba kupambana, wodzimva kuti palibe angamuuze kanthu. Mukadziwa nkhalamba yodzaza ndi chisoni ya mu The Dark Knight Returns, yomwe Dick Grayson, Robin wa m'komikiyi, sailankhulanso, mudzayamba kufunsa funso loyenera: kodi anthu awiriwa anayamba bwanji kuti adzathere pamenepo?

Tsopano magawo anayi oyamba muwawerenge nthawi imodzi, osadukiza. Apa ndi pomwe owerenga oyamba anavutikira kwambiri. Makolo a Dick, ochita masewera a m'malere, awomberedwa pamaso pake. Apolisi akatangale a mumzinda wa Gotham amutenga, Batman amulanda, ndipo awiriwo alowa mu Batmobile. Ulendo wa galimoto umenewo, umene m'nkhanimo ndi waufupi, unatha mu gawo lachinayi, mu 2006. Taganizirani sewero la pawailesi lomwe munthu wakwera basi lero, ndiye mumve kuti watsika patatha miyezi yambirimbiri. Ndi chifukwa chake anthu ankaseka kubwerezabwereza kwa Miller, makamaka mawu otikumbutsa kawirikawiri kuti Dick Grayson ali ndi zaka 12. Powerenga mondondoza, kubwerezako kumagwira ntchito ina. Kumakukanizani kuiwala kuti amene akuchitiridwa zonsezi ndi mwana.

Ndipo langizo langa lalikulu ndi limeneli: tsatirani mwanayo, osati Batman. Dzina la Robin lili pamutu wa komikiyi pa chifukwa. Mu gawo lachiwiri Batman amamumenya mbama Dick, amamunyoza ndi mawu achipongwe, n'kunena chiganizo chomwe chinafala pa intaneti kuposa komiki yeniyeniyo: "I'm the goddamn Batman." Ambiri anaimira pomwepo n'kunena kuti Miller wamuwononga Batman. Koma werengani mabokosi a maganizo omwe ali pambali. Dick akuona kuti mawu okhuthala a munthuyu ndi ochita kupanga. Batman nayenso mumtima akudzifunsa ngati zomwe akuchita zili bwino, kenako n'kudzitsekereza. Akuopa kuti mwanayo akapeza mpata wolira adzasweka, ndiye akumuopseza kuti asalire. Akulakwitsa, ndipo bukulo likudziwa kuti akulakwitsa. Atafika kuphanga, amamusiya mwanayo pozizira kuti azidya makoswe. Amene amabweretsa chakudya ndi zovala ndi Alfred, wantchito wa Batman, ndipo amamuyankha bwana wake mosaopa. Mukamawerenga, muzionetsetsa kuti ndani m'nkhanimo akugwirizana ndi Batman. Mupeza kuti ndi ochepa kwambiri.

Zonsezi zimakathera mu gawo la 9, ndipo musalole aliyense akuuzeni kuti ndi nthabwala chabe ya penti. Inde, Batman ndi Robin amapenta chipinda chonse ndi matupi awo omwe mtundu wachikasu, chifukwa mphete yamphamvu ya ngwazi ina yomwe aiitanira m'chipindamo, Green Lantern (dzina lake Hal Jordan), siigwira ntchito pa chikasu, ndipo Batman amamwa chakumwa cha mandimu uku akumuputa mlendoyo. Masamba amenewo ndi oseketsa ndithu. Koma kenako Robin amaba mpheteyo, ndewu iyamba, ndipo mwana uja wophunzitsidwa nkhanza amamenya Hal pakhosi mpaka kutsala pang'ono kumupha. Batman ndiye amaboola pakhosipo kuti munthuyo apume. Pamenepo amaona chomwe wapanga ndi manja ake, ndipo amamutenga Dick kupita naye kumanda a makolo ake kuti akalire, chinthu chomwe anamukaniza kuyambira gawo lachiwiri. Owerenga oyamba anadikira kuchokera 2005 mpaka 2008 kuti afike patsamba limeneli, ndipo ambiri anali atagamula kale mlandu. Inu mufikapo madzulo amodzi. Kwa ine tsamba limenelo limandikhudza nthawi iliyonse, ndipo ndi lomwe limandichititsa kuiteteza komikiyi.

Zithunzi muziziyang'ana mofatsa. Jim Lee, Scott Williams wa inki ndi Alex Sinclair wa mitundu anagwira ntchito yooneka, ndipo chithunzi cha phanga la Batman mu gawo lachinayi, chofunyulula masamba 6, pafoni chimafunika kuchikulitsa pang'onopang'ono. Komabe zindikirani kuti Lee amajambula aliyense ngati ngwazi yoyenera kuilemekeza, pomwe mawu a Miller akuonetsa munthu wosokonekera. Kusagwirizana kumeneku ndi kumene kunasokoneza anthu ambiri, osadziwa ngati aseke kapena akwiye.

Pali zina zomwe simuyenera kuzipezera chifukwa, ndipo ine sindizipezera. Vicki Vale, mtolankhani, timakumana naye koyamba ali m'zovala zamkati kwa masamba angapo popanda chomwe nkhani ikupindula. Wonder Woman amalowa mu gawo lachisanu akutukwana amuna ngati munthu wopanda nzeru zina. Black Canary, ngwazi ina yachikazi, nayenso amathera pokopeka ndi Batman. Amene anadandaula za mmene akazi analembedwera ananena zoona. Komanso iyi si komiki yopatsa mwana chifukwa choti pachikuto pali Robin. Gawo la 10 a DC analiitanitsa kuti libwezedwe mu September 2008 chifukwa mizere yakuda yophimba mawu otukwana, ambiri a iwo a Batgirl, inasindikizidwa mopepuka moti mawuwo ankawerengeka, ndipo anasindikiza lina.

Mukamaliza, apo ndiye pitani mukamve za anthu. Mupeza magulu atatu, ngakhale ena amadumphadumpha. Alipo omwe amati Miller anatha nzeru zolemba ndipo uyu si Batman. Alipo omwe amati zonsezi ndi chipongwe chadala, kuti Miller akuseka makomiki ankhanza omwe anthu ena analemba potsanzira iye. Ndiye alipo omwe ankaigula kuti aone kuti gawo lotsatira lipenga motani, ndipo gulu limeneli ndi limodzi mwa zifukwa zomwe komikiyi inkagulidwabe kwambiri ngakhale ikuchedwa komanso kunyozedwa. Pokambirana ndi aliyense wa iwo, mufunseni kaye ngati anafika gawo la 9, komanso ngati anawerenga nthawi imene inkatuluka kapena pambuyo pake. Mayankho awiriwo amakuuzani zambiri. Amene amangotchula chiganizo cha mu gawo lachiwiri chija nthawi zambiri anangoona chithunzi chimodzi chodulidwa. Gulu lachiwiri ndimalimvetsa koma sindigwirizana nalo kwathunthu, chifukwa munthu wongoseka sakanalemba za kumanda zija.

Pa nkhani ya kuchedwa, musafulumire kuloza chala Miller, ngakhale nthawi imeneyo anali wotanganidwa ndi mafilimu, Sin City mu 2005 ndi The Spirit mu 2008. Jim Lee anavomera yekha poyera kuti vuto lalikulu linali kwa iye, popeza anali ndi ntchito zina, kuphatikizapo gemu ya DC Universe Online, ndipo mu 2010 anakwezedwa kukhala mmodzi wa akuluakulu awiri oyang'anira zofalitsa ku DC. Ngati mukufuna kuyesa nokha kuti kuchedwa kunawononga zochuluka bwanji, werengani All Star Superman pambuyo pake. Nayonso inkachedwa, magawo ake 12 anatenga kuchokera 2005 mpaka 2008, koma pafupifupi gawo lililonse linali nkhani yokwanira payokha, ndiye owerenga ankatseka buku atakhuta. Miller analemba yake ngati nkhani imodzi yaitali yodulidwa m'zidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chinkamusiya wowerenga ali ndi Batman wankhanza m'maganizo kwa miyezi, yankho lisanabwere.