Momwe mungakonzere za madzi pa galimoto yaikulu yakale kuti isamatenthe

Amene muli ndi zigalimoto zazikulu zakalezi, ma Toyota Crown, ma Nissan Cedric, ma Mercedes W126, mukudziwa kuti injini zake sizifa wamba. Chimene chimazimaliza nthawi zambiri ndi kutentha basi. Yanga ndi Crown ya 1996, injini ya 1JZ-GE, malita 2.5, masilinda 6 ondondozana mumzere umodzi, ndipo injini yotere mutu wake ndi wautali komanso wa aluminiyamu, ikangotentha kwambiri kamodzi kokha mutuwo umapindika, gasiketi (chomatira cha pakati pa mutu ndi thunthu la injini) nkupsa. Nde munthu akandifunsa kuti ndagula yakale ndiyambire pati, mawilo onyezimira kaya masipika, ine ndimati yambani ndi madzi, zinazo zidikire.

Zofunika kukhala nazo ndi izi: rediyeta yatsopano ngati yanu ili ndi mathanki apulasitiki omwe asintha mtundu, mapaipi awiri akuluakulu, wapamwamba ndi wapansi, timapaipi ta hita, thermostat (kavalavu kamene kamatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikafunda) ndi labala yake, chivindikiro cha rediyeta, makilampu atsopano, coolant (mankhwala osakaniza ndi madzi oziziritsa injini) ndi madzi osungunulira aja otchedwa distilled water ogulitsa m'mabotolo othira mu batire, osati asidi. Thanki ya pulasitiki imayamba yakuda, ikakalamba imasanduka yofiirira ngati dothi ndipo mukaikanda ndi chikhadabo imanyenyeka, imeneyo musaimatire ndi guluu, yatha.

Pogula samalani kwambiri ndi chivindikiro. Ndi kanthu kotchipa kuposa zonse koma ndi komwe anthu amanamizidwa. Pamwamba pake pamalembedwa nambala, 0.9 kapena 1.1, gulani yofanana ndi imene inabwera ndi galimoto. Ntchito yake ndi kusunga mphamvu ya mpweya mkati kuti madzi asawire msanga, chifukwa madzi wamba amawira pa madigiri 100 koma akatsekeredwa chonchi amapirira mpaka cha m'ma 120. Wogulitsa wina anandipatsapo chivindikiro m'kabokosi kokongola kolembedwa dzina la kampani yeniyeni, koma nditakanikiza sipuling'i yake ndi chala inali yofewa ngati ya cholembera. Kanikizani musanalipire, ikhale yolimba, labala yake yosang'ambika. Rediyeta yakalenso imene amati yangochotsedwa pa galimoto yoyenda bwinobwino, ine ndinasiya kugula, zaka zake ndi zomwezo ndi yanu imene mukutayayo.

Yambani injini ili yozizira, yogona usiku wonse. Osatsegula chivindikiro injini ikutentha, madziwo amathovoka nkuwaula nkhope ndi manja. Ikani beseni pansi, tsegulani kapulagi ka pansi pa rediyeta, chotsani chivindikiro kuti madzi atuluke mwachangu. Pambali pa buloko, thunthu la injini, palinso bawuti ina yotulutsira madzi, ambiri saidziwa, ndipo mukaisiya madzi akuda ambiri amatsalira mu injini. Coolant wakaleyo musamusiye pabwalo m'beseni, amatsekemera koma ndi poizoni, galu kapena mwana akamwa ndi zoopsa. Thirani m'chigubu, tsekani.

Madzi atulukawo muwayang'ane bwino. Akakhala a dzimbiri ndiye kuti mwini wakale ankathira madzi apampopi okha, tsukani kangapo mpaka atuluke oyera. Akakhala ngati mkaka wofiirira pang'ono wamafutamafuta, pa galimoto ya otomatiki, akhoza kukhala kuti oyilo wa giyabokosi walowa, poti oyiloyo amadutsa mu thanki yapansi ya rediyeta kukazizira ndipo kapaipi kamkatiko kakaboka zimasakanikirana. Zikatero giyabokosi nayo ikufunika kusinthidwa oyilo msanga.

Kuchotsa rediyeta sikovuta, mabawuti apamwamba, chishango cha fani, mapaipi, timapaipi tiwiri ta oyilo wa giya tija mutitseke kuti asatayike, nkuikoka. Paipi ikakakamira osaikoka ndi mphamvu pakhosi la pulasitiki, ipotozeni kaye kapena ingoidulani ndi mpeni poti mukusintha kale. Rediyeta ili kunja choncho gwirani pule ya pampu ya madzi, kagudumu kozunguzidwa ndi lamba kaja, muigwedeze, ikamasewera kapena pansi pake pali mkwasa wa coolant wouma, sinthani pompo. Ndipo ngati simukudziwa kuti lamba wa taimingi, woyendetsa mavalavu a injini, anasinthidwa liti, pa injini za Toyota zimenezi ndi makilomita 100,000 aliwonse, malo atseguka kale, chitani limodzi.

Thermostat pa injini yangayi ili pomwe paipi yapansi imalowera mu injini ndipo imatseguka pa madigiri 82. Yatsopanoyo iyeseni kaye, muiponye m'poto wa madzi pamoto muone ikutseguka madzi asanawire, chifukwa zabodza zilipo zambiri. Ili ndi kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera, kameneko kaloze m'mwamba poika, ndi potulukira mpweya. Ndipo chonde musamvere zoti ingochotsani thermostat galimoto izizizira bwino. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, kompyuta imaona ngati kukuzizirabe nkumathira petulo wambiri, ndipo galimoto zazikuluzi zimamwa kale.

Fani ya zigalimoto zambiri zakalezi imayenda ndi lamba kudzera pa kilatchi ya mafuta a silikoni. Injini itazima, ikankheni ndi dzanja, izikhala yolemerera nkuima msanga. Ikamangozungulira yokha ngati mphero ya mphepo, kapena pali mafuta akuda pakati pake, yafooka, ndipo chizindikiro chake ndi galimoto yomwe imatentha pa mzere wa magalimoto koma pamseu wotakasuka ili bwino.

Tsopano pothira madzi, apa ndi pomwe ndikufuna mumve bwino chifukwa ndi pomwe ine ndinaonongera injini. Zonse zinali zatsopano, rediyeta, mapaipi, pampu, ndinamanga bwinobwino popanda kudontha kulikonse. Kunali kukuda, ndinathira coolant mothamanga mpaka kudzaza pakhosi, kutseka chivindikiro, kuliza injini mphindi zochepa, geji ili pakati, ndinati zatheka. M'mawa mwake ndinanyamuka ulendo. Nditayenda ndithu ndinayatsa hita kuti galasi lichoke nthunzi, inatulutsa mphepo yozizira, ndinadabwa koma sindinaime poti singano inali pamalo ake. Pokwera chitunda singano ija inangolumpha kamodzi mpaka pofiira, fungo lotsekemera linadzaza mkati, nthunzi ili tolotolo pansi pa boneti. Nditatsegula injini itazizira, mu rediyeta munalowa madzi oposa malita awiri. Ambiri mwa madziwo sanatayike, sanalowemo nkomwe poyamba. Munali mpweya wotsekeredwa kuseri kwa thermostat ndi mu hita, ndipo mutu wa injini unkaphikidwa wouma pomwe sensa ya geji inali mu mpweya osati m'madzi, nchifukwa chake inkanama. Patapita sabata madzi anayamba kuchepa okha, thovu likutuluka mu rediyeta, pansi pa chivindikiro cha oyilo pali zoyera ngati phala. Mutu unapita kokapala, gasiketi yatsopano, mabawuti a mutu atsopano, ndalama yake inaposa zonse zimene ndinagula poyamba kuphatikiza pamodzi. Zinandiwawa kwambiri chifukwa injiniyo inali isanatsegulidwepo chipangidwire.

Nde chitani chonchi. Imikani galimoto kutsogolo kuli m'mwamba, pakamtunda kapena pa jeke ndi zochirikiza, kuti khosi la rediyeta likhale pamwamba pa zonse. Sakanizani coolant ndi madzi osungunulira aja theka ndi theka, pokhapokha ngati botolo lalembedwa kuti ndi wosakaniza kale, ndipo osaphatikiza mitundu iwiri yosiyana. Onani m'buku la galimoto kuti mumalowa malita angati ndipo muziwerenga zimene mwathira, ichi ndiye chinthu chimene chikanandipulumutsa. Ngati buku likuti 8 inu mwathira 5 nkudzaza, atatu otsalawo akhoza kukhala mpweya. Dulani botolo la pulasitiki pansi, kulungani tepi pakamwa pake, mulilowetse pakhosi la rediyeta likhale ngati fanelo yosadontha. Ikani hita pa kutentha kwambiri, fani yake pang'ono. Thirani pang'onopang'ono, osati khuthu, uku mukufinya paipi yapamwamba ndi yapansi ndi dzanja, mudzamva gubudu gubudu thovu likukwera m'botolo. Likadzaza lizani injini, chivindikiro chisatsekedwe, m'botolo muzikhala madzi nthawi zonse. Dikirani, zimatenga mphindi 20 kapena kuposa, musatope. Manja ndi malaya kutali ndi fani. Thermostat ikatseguka mudzaona madzi a m'botolo atsika mwadzidzidzi ndipo mapaipi onse awiri afunda, onjezani pomwepo. Pondani moto pang'ono kufika cha pa 2,000 pa geji ya kuzungulira kwa injini kangapo, thovu lina lituluka. Mwamaliza pokhapokha hita ikutulutsa mphepo yotentha zedi komanso thovu lasiya. Likapanda kusiya ngakhale patapita nthawi yaitali, likungobwera motsatizana, ameneyo si mpweya wotsalira, ndi gasiketi.

Zimitsani, tsekani, dzazani kathanki kapambali mpaka pa mzere. M'mawa injini ili yozizira tsegulaninso muone, mudzapeza atsika, onjezani, ndipo chitani zimenezi m'mawa uliwonse masiku atatu.

Zosintha zimene ndinawonjezera nzochepa. Geji ya manambala yokhala ndi sensa pa paipi yapamwamba, chifukwa geji zambiri zobwera ndi galimoto zimangokhala pakati mpaka zinthu zitaipa kale. Kogwirizira sensayo pa paipi nka aluminiyamu, yezani kukula kwa paipi musanakagule, ndipo sensa ya waya umodzi imafuna waya wa ethi, wolumikiza ku chitsulo cha galimoto, apo ayi siwerenga. Ndinaikanso karediyeta kakang'ono ka oyilo wa giya kutsogolo, oyilo amadutsa mu rediyeta kaye kenako m'kameneko, kumanga kwake ndi ola limodzi, mukatha onjezani oyilo wa giya. Za fani yamagetsi ambiri amazikonda, ine ndinayesa yotchipa sinakoke mphepo ngati yoyambirira, ndinabwezera ya lamba ndi kilatchi yatsopano. Mukafuna yamagetsi ikhale ndi chishango chake, rileyi ndi fyuzi, osalumikiza pa kiyi mwachindunji.

Makilampu muwamangenso pakatha sabata, labala yatsopano imaphwa ikatenthedwa. Coolant wamba wobiriwira kapena wofiira uja sinthani zaka ziwiri zilizonse, ndipo tsiku lililonse hita ikadzatulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, imani pambali pomwepo muzimitse.