Mwana wa nthochi ndi chiwalo cha make

Mvula itangoyamba chaka chino, njinga zayambanso kudutsa zitasenza ana a nthochi ochokera m'minda yomwe tonse tikudziwa kuti muli matenda a nthochi otchedwa chisaka. Ukamufunsa mwini njinga, yankho ndi lomwe lija: "Ndasankha owoneka bwino." Kodi kachilombo koyambitsa chisaka kamaoneka ndi maso?

Nthochi zomwe timadyazi zilibe njere zoti n'kufesa. Mwana amaphuka pa tsinde la make pansi pa dothi, popanda duwa kapena mungu, ndiye kuti ndi chiwalo cha make yemweyo. N'chifukwa chake mukabzala mwana wa kabuthu mumakolola kabuthu. Koma chimene chimasunga mtunduwo ndi chomwenso chimasunga matenda. Ngati phando lili ndi chisaka, ana ake amatenga kachilomboko, ngakhale amene masamba ake akadali obiriwira. Pakapita masabata kapena miyezi, masamba atsopano amatuluka ang'onoang'ono, oimirira, othithikana pamwamba, m'mbali mwake mwachikasu. Nthochi yotere kawirikawiri sibereka, ikabereka mkoko wake ndi wonyozeka. Pamene inu mukudikira, nsabwe zakuda zobisala m'makhwawa a masamba zimakhala zikuyamwa madzi ake n'kukapatsira mapando abwino, anu ndi a anzanu omwe.

Kuno ku Malawi matendawa anaoneka koyamba ku Nkhotakota mu 1994. Anasakaza minda ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje, mpaka dziko lomwe linkadzidyetsa lokha likugula nthochi ku Tanzania ndi ku Mozambique. Ndiye lero tizinyamulabe mbewu kwa achibale chifukwa ndi yaulere? Zimenezi zanditopetsa.

Bambo wina anandiuza kuti sakanakana ana a nthochi khumi amene apongozi ake anamupatsa, kukana kukanakhala mwano. Anawabzala pakati pa nthochi zake zabwinobwino m'dimba. Pano akuzula dimba lonse, ndipo ndalama ya fizi yomwe ankaidalira yapita. Ena amangodula thunthu lodwalalo n'kusiya chitsa, ati liphukanso labwino. Chophukacho chimachokera pa tsinde lodwala lomwelo.

Chisaka chilibe mankhwala. Yambani mwapha nsabwezo popopera mankhwala kapena madzi a sopo, kenako zulani phando lonse ndi tsinde lomwe, muduledule, muumitse kapena mukwirire, ndipo chilichonse chophukanso muchotse. Chitani izi mudzi wonse pamodzi. Za mbewu yoyezedwa funsani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu musanakumbe mayenje.