Seva ya NFS ikamakana ndi uthenga wa "RPC: Authentication error"

Uthenga umenewu umasokoneza anthu ambiri chifukwa umamveka ngati vuto ndi pasiwedi. NFS ndi njira yogawana mafoda pa netiweki, RPC ndi njira imene mapulogalamu ake amalankhulirana, ndipo pa NFS wamba palibe pasiwedi iliyonse. Njira ya AUTH_SYS, imene makina ambiri amagwiritsa ntchito, imangotumiza nambala ya UID (ya munthu), ya GID (ya gulu lake) ndi magulu owonjezera osapitirira 16, ndipo seva imangokhulupirira zimene yauzidwazo. Ndiye seva ikakana, kawirikawiri yakana adiresi imene pempho lachokera, port imene ladzera, kapena mtundu wa chitetezo umene kompyuta yanu yabwera nawo. Musayambe kusintha mafayilo musanadziwe kuti ndi pulogalamu iti imene yakukanani.

Pa NFSv3 pempho limadutsa zipata zitatu. Choyamba ndi rpcbind pa port 111, imene imauza kompyuta yopempha kuti mapulogalamu ena ali pa port iti. Chachiwiri ndi mountd, imene imaona ngati muli ndi chilolezo cholumikiza foda. Chachitatu ndi nfsd pa port 2049. NFSv4 imapita molunjika ku 2049. Pa kompyuta yopempha yesani malamulo awa motsatana (apa 192.168.1.10 ndi adiresi ya seva):

rpcinfo -p 192.168.1.10
showmount -e 192.168.1.10
mount -v -t nfs -o vers=3 192.168.1.10:/srv/data /mnt

Pamene pakanika poyamba ndi pomwe pali vuto. Kumbukirani kuti seva yoyendetsa NFSv4 yokha sizayankha showmount, ndipo kumeneko sikuwonongeka.

Ngati rpcinfo yomweyo yakanidwa, makamaka ndi mawu akuti "why = Client credential too weak", yang'anani /etc/hosts.allow ndi /etc/hosts.deny pa seva. Anthu amalemba ALL: ALL mu hosts.deny pofuna kulimbitsa chitetezo, n'kuiwala kutsegulira netiweki yawo. Lembani mu hosts.allow mzere ngati rpcbind: 192.168.1.0/255.255.255.0 ndi wina wa mountd, ndipo pa makina akale dzina la rpcbind ndi portmap. Pa mzere wa rpcbind lembani manambala a IP, osati mayina a makompyuta. Koma musataye nthawi pa mafayilo awiriwa musanatsimikize kuti akugwira ntchito: RHEL 8 ndi Fedora zatsopano zinachotsa TCP wrappers, imene imawerenga mafayilowa. Lamulo la ldd /usr/sbin/rpcbind likuonetsani ngati libwrap, laibulale ya TCP wrappers, ilipo, ndipo ngati palibe, zimene zili mu hosts.allow sizikuwerengedwa n'komwe. Pa Solaris chimene chimachititsa kawirikawiri ndi config/local_only ya network/rpc/bind ikakhala true, chifukwa pamenepo rpcbind imayankha kompyuta yake yokha.

Ngati rpcinfo yadutsa koma mount ikunena kuti "access denied by server while mounting", siyani kompyuta yopempha, pitani pa seva. Kompyuta yopempha siuzidwa chifukwa chake, pamene mountd imachilemba momveka bwino mu log. Tsegulani journalctl -u nfs-mountd -f, kenako yesaninso mount. Mzere woyamba ndi "refused mount request from" umathera ndi chifukwacho.

Mukaona "illegal port" ndi nambala yaikulu, monga 54321, ndiye kuti pempho ladzera pa port yopitirira 1023. Seva ya Linux imayamba ndi lamulo la secure, lofuna kuti pempho lichokere pa port yosafika 1024, poganiza kuti root (woyang'anira makina) yekha ndi amene angatsegule port yotero. Makompyuta a macOS satero paokha, choncho alembereni mount -o resvport. Vuto lomweli limabwera pakakhala NAT (njira yosintha adiresi ya pempho panjira) pakati, monga makina a VirtualBox oikidwa pa NAT, chifukwa port imasinthidwa panjira ngakhale kompyutayo itayamba bwino. Pamenepo mungasinthe netiweki kukhala bridged, kapena muwonjezere insecure mu /etc/exports, fayilo ya pa seva yonena mafoda ogawidwa ndi amene aloledwa. Njira yachiwiriyi ndi yachangu, koma dziwani mtengo wake: munthu aliyense wamba pa kompyuta yololedwayo akhoza kulemba pulogalamu yodzitcha UID ya mnzake n'kuwerenga mafayilo ake. Muigwiritse ntchito pa adiresi imodzi, osati pa netiweki yonse.

Mukaona "unmatched host", adiresi yanu sikugwirizana ndi zolembedwa mu /etc/exports. Ngati munalemba dzina, seva imafunsa DNS kuti IP imeneyi ndi ya ndani, ndipo yankho likasiyana ndi dzinalo imakana. Yesani getent hosts pa seva pomwepo. Kompyuta yokhala ndi makadi awiri a netiweki imathanso kutulukira pa adiresi imene simunaiyembekezere, ndipo log ikuuzani adiresi yeniyeniyo. Onaninso kampata pakati pa adiresi ndi bulaketi. Mizere iwiri iyi si yofanana:

/srv/data 192.168.1.0/24(rw,sync)
/srv/data 192.168.1.0/24 (rw,sync)

Wachiwiriwo ukupatsa netiweki yanu chilolezo chowerenga chabe, n'kupatsa wina aliyense chilolezo cholemba. Mukakonza, yendetsani exportfs -ra, kenako exportfs -v kuti muone zimene seva ikutsatiradi.

Nthawi zina mount imatheka koma mafayilo akukana ndi "Permission denied". Ngati mukuyesa muli root, n'chifukwa cha root_squash, imene imasandutsa root kukhala nobody, UID 65534, ndipo izi n'zoyenera kutero. Ngati ndi munthu wamba, yerekezani zimene lamulo la id likuonetsa pa makina onse awiri, pakuti seva imaona nambala osati dzina. Chovuta kuchizindikira ndi malire a magulu 16 aja. Munthu amene ali m'magulu 20 amalowa bwino m'mafoda ena n'kukanidwa kwina, pomwe pa seva penipeni zonse zikutheka. Mankhwala ake ndi kulemba manage-gids=y m'chigawo cha mountd mu /etc/nfs.conf, kuti seva izifufuza yokha magulu a munthuyo. Izi zimafuna kuti seva izidziwa anthu ndi magulu onsewo, mwina kudzera mu LDAP (kaundula wa anthu ndi magulu wa pa netiweki).

Kerberos, njira yotsimikizira anthu ndi makina pogwiritsa ntchito matikiti, ndi nkhani ina, chifukwa apa ndiye pali kutsimikizira kwenikweni. Foda ikatulutsidwa ndi sec=krb5, krb5i kapena krb5p, kompyuta yobwera ndi sec=sys imakanidwa. Yambani ndi wotchi. Nthawi ikasiyana ndi mphindi zoposa 5 pakati pa kompyuta, seva ndi KDC (seva yopereka matikiti), matikiti amakanidwa, ndipo izi zimachitika kwambiri makina akazima mwadzidzidzi ali ndi batire ya CMOS yakutha. Lamulo la chronyc tracking likuonetsani kusiyanako. Kenako klist -k pa seva ionetse nfs/ ndi dzina lonse la seva, ndipo mount ichitidwe ndi dzina lomwelo, osati IP kapena dzina lachidule. Nambala ya KVNO (nambala ya kiyi, imene imakwera kiyiyo ikasinthidwa) ya mu /etc/krb5.keytab, fayilo yosunga makiyi, ifanane ndi imene lamulo la kvno likupereka. Keytab ikapangidwanso pa KDC, yakale imafa pomwepo. Pa kompyuta yopempha rpc.gssd iyenera kukhala ikuyenda, pa seva gssproxy kapena rpc.svcgssd. Imitsani rpc.gssd ya systemd, muiyendetse pamanja ndi rpc.gssd -f -vvv, ndipo muona principal (dzina la mu Kerberos) imene ikufunidwa ndi pamene zakanikira. Munthu amene dzulo ankalowa bwino koma lero akukanidwa, mwina tikiti yake yangotha nthawi, ndipo kinit ithetsa nkhaniyo.

Log ikapanda kunena kanthu, jambulani zodutsa pa netiweki ndi tcpdump -i any -w nfs.pcap host 192.168.1.10, mutsegule fayiloyo mu Wireshark. Yankho lokana limakhala ndi AUTH_ERROR ndi nambala yake: 1 ndi AUTH_BADCRED, chizindikiro chosamveka kwa seva, pamene 5 ndi AUTH_TOOWEAK, imene imakubwezerani ku port, ku hosts.allow kapena ku sec. Mungathenso kuyatsa rpcdebug -m rpc -s auth pa seva, koma muzimitse ndi -c mukangomaliza, chifukwa pa seva yotanganidwa imalemba mizere yambirimbiri mpaka kudzaza disiki.