Jamu wa pakhomo: kumuzindikira, kumulima ndi kumusunga kuno ku Mzuzu

M'makomo ambiri kuno ku Mzuzu, kaya ndi ku Mchengautuwa, ku Zolozolo kapena ku Luwinga, jamu alipo koma palibe amene anamudzala. Amangomera yekha pafupi ndi dzala, m'mbali mwa mpanda kapena kuseri kwa khola la nkhuku, paliponse pamene mbalame yagwetsa njere. Amamudziwa bwino ndi ana, amene amatola n'kumadya akusewera. Tsiku lolambula pakhomo likafika, khasu limamudulira limodzi ndi chisoso. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa kwa munthu wa puloti yaing'ono ya m'tauni, zipatso zobereka msanga chonchi n'zochepa. Mango ndi mapeyala mumadikira zaka, pamene jamu mumadya chaka chomwe mwafesacho. Ndiponso pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timalimbikitsa m'mabanja, gulu la zipatso ndi limene limasowa kawirikawiri pa mphasa yodyera, pomwe kachipatso aka kali ndi mavitamini A ndi C.

Kwawo kwenikweni kwa chomerachi ndi kumapiri a Andes ku South America, ndipo akatswiri amachitchula kuti Physalis peruviana. Ku Colombia amachilima m'minda ikuluikulu ya kumtunda kozizira n'kumatumiza zipatso zake ku Ulaya. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho kazizira kathu kano jamu amagwirizana nako. Kumalo kotentha kwambiri maluwa ake amayoyoka asanagwire chipatso.

Tisanafike pa kalimidwe, tiyambe tamudziwa, chifukwa apa ndi pamene pagona moyo wa ana athu. Jamu ndi wa banja limodzi ndi tomato, mbatatesi, tsabola, mabiringanya ndi fodya, ndipo m'banja limeneli muli zomera zina zofanana naye zomwe sizidyedwa.

Gwirani tsamba pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Tsamba la jamu weniweni lili ndi ubweya wofewa mbali zonse ziwiri, ngakhalenso tsinde ndi nthambi zake n'zaubweya. Tsambalo ndi lotambalala kumunsi, losongoka kunsonga. Kenako tembenuzani duwa, poti limayang'ana pansi. Ndi lachikasu, ndipo mkati mwake muli madontho asanu akuda mofiirira ozungulira pakati. Duwa likagwa pamatsala kathumba kobiriwira kotsekeka, ndipo chipatso chimakulira m'menemo osaoneka. Chikapsa, kathumbako kamauma, kamasanduka kotuwa ngati udzu wofolerera nyumba, ndipo mukakang'amba mumapeza chipatso chosalala, chachikasu mopita ku olenji, chamadzi, chotsekemera mowawasira.

Chomera chimene chimasokoneza anthu kwambiri ndi tchire lina lomera m'minda ya chimanga ndi m'mbali mwa misewu, lotchedwa Nicandra physalodes. Nalonso lili ndi timatumba. Koma maluwa ake ndi abuluu oyera pakati, masamba ake alibe ubweya ndipo m'mphepete mwake ndi mwamanomano, kathumba kake kali ndi mapiko asanu osongoka, ndipo mukakatsegula mumapeza kampira kouma kodzaza njere, kopanda madzi. Limeneli musadye, ndipo mukaliona pakhomo lizuleni lisanamwaze njere. Palinso jamu wakutchire wa masamba osalala, wa maluwa ang'onoang'ono otumbuluka ndi timizere tofiirira pa kathumba. Ameneyu akapsa amadyedwa koma alibe kukoma, ndiye musataye naye nthawi pofuna mbewu. Nthula aliyense amaidziwa: ili ndi minga, maluwa apepo, ndipo chipatso chake chachikasu chimakhala pambalambanda popanda kathumba. Komabe mwana wa zaka zitatu amangoona chikasucho. Muphunzitseni kuti chachikasu chopanda kathumba sichilowa m'kamwa.

Ngakhale jamu weniweniyo, wosapsa sadyedwa. Chipatso chobiriwira, masamba ndi kathumba zili ndi poizoni wa mtundu womwe uja umapezeka mu mbatatesi yomwe yabiriwira ndi dzuwa, ndipo amapweteketsa m'mimba. Kathumba kakadali kobiriwira, musiyeni.

Mbewu simufunika kugula. Yang'anani tsinde lobereka zipatso zikuluzikulu zokoma, kwanu kapena kwa aneba, mutengepo zipatso zakupsa bwino zingapo. Zifinyireni m'kapu ya madzi, mutakase. Njere zabwino zimamira, zopanda pake ndi zamkati zimayandama. Tsanulani zoyandamazo, ndipo zomirazo muziyanike pa pepala pamthunzi mpaka ziume. Chipatso chimodzi chokha chimakhala ndi njere zoposa 100, choncho zipatso zitatu zikukwanirani ndi kugawirako ena.

Njerezi n'zing'onozing'ono, ndiye zisakanizeni ndi mchenga wouma kuti zisaunjikane pofesa. Beseni lakale loboola kunsi kapena thumba la simenti lodula pakati likwanira kukhala nazale. Ikanimo dothi lapamwamba losakaniza ndi kompositi wowolerana ndi mchenga pang'ono, wazani njere, mukwirire ndi kadothi kochepa kwambiri, kenako muphimbire ndi udzu wopyapyala. Mukakwirira mozama sizituluka. Zimamera pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo zikangotuluka chotsani udzu uja. Mbande zimakhala zokonzeka kuwokera pakatha masabata 6 mpaka 8, zitatalika masentimita 15 mpaka 20. Amene akufuna zachangu angathe kudula nthambi yokhwima ya masentimita 25 mpaka 30 n'kuizika m'dothi lonyowa pamthunzi. Imagwira mizu mosavuta ndipo imabereka msanga, ngakhale tsinde lake silikhala lamphamvu ngati lochokera ku njere.

Nkhani ya nthawi yodzala ndi imene ndikufuna tiimvetsetse, chifukwa nyengo ya Mzuzu si yofanana ndi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kumeneko mvula imayamba kukata mu Malichi, pamene kuno Malichi ndi Epulo ndi miyezi ya mvula yamphamvu, ndipo mvula yowaza imapitirira mpaka mu Juni ndi Julaye. Mukafesa mu Okutobala n'kuwokera ndi mvula yoyamba monga timachitira ndi mbewu zina, jamu wanu adzapsa mvula ili pachimake. Zipatso zidzang'ambika, timatumba tidzachita nkhungu, zogwa pansi zidzaolera m'matope. Ine ndimalangiza kufesa mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, n'kuwokera kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi. Mbande zimagwira ndi chinyezi chotsalira, zimakula pang'onopang'ono m'miyezi yozizira, ndipo zipatso zimadzapsa kuyambira cha mu Ogasiti kapena Sepitembala mpaka mvula itayandikira, nthawi ya dzuwa yomwe imatsekemeretsa chipatso ndi kuumitsa kathumba. Zoona, njira imeneyi ikufuna kuthirira, koma mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi, yomwe ndi yokwanira banja, siingakulemetseni ndi kheni.

Sankhani malo owomba dzuwa tsiku lonse, osati pansi pa mtengo wa peyala. Pewani pamene panali tomato, mbatatesi kapena tsabola chaka chathachi, chifukwa matenda ofotetsa ndi tizilombo totupitsa mizu n'tofanana m'banja lonseli. Pamene panali nyemba kapena chimanga ndi pabwino. Chimene jamu amadana nacho kotheratu ndi madzi odikha. Inu a ku Chibavi, Chibanja ndi madera ena otsika kumene madzi sachedwa kudzadza, kwezani bedi lanu masentimita 20 mpaka 30, kapena dzalani m'matumba ndi m'zidebe zoboola. Inu a kumtunda kotsetsereka ngati ku Masasa, dulani mizere mopingasa chitunda kuti dothi lisakokoloke. Siyani mita imodzi pakati pa phando ndi phando. Mbande ikakhala yaing'ono mpatawo umaoneka ngati kuwononga malo, koma pakatha miyezi itatu nthambi zimakhala zitagundana.

Pa chakudya cha mbewu, chepetsani dzanja. Manja awiri a kompositi kapena manyowa owolerana paphando akwanira. Anthu ambiri poona jamu akumera padzala amaganiza kuti amafuna chonde chambiri, ndiye amamuthira zitosi za nkhuku zaziwisi kapena yuriya. Chotsatira chake ndi chitsamba chachikulu chobiriwira bii, chofika m'chiuno, koma timatumba towerengeka. Ngati dothi lanu ndi lofiira loguga, kachitsekero ka botolo ka feteleza wa D Compound paphando powokera n'kokwanira, ndipo kaphulusa pang'ono kosakaniza ndi dothi kamathandiza.

Nthambi zake n'zofewa, zimathyoka ndi mphepo ndiponso zimagona pansi zikalemedwa. Zikani nsungwi zinayi mozungulira tsinde, mukulunge chingwe kawiri kapena katatu kuti nthambi zizitsamira. Sadzani mphukira zonse za kumunsi mpaka pamene tsinde lagawikana koyamba, musiye nthambi zikuluzikulu zitatu kapena zinayi kuti mpweya uzidutsa. Pansi phimbirani ndi udzu wouma. Udzuwo umasunga chinyezi, komanso ndi pamene zipatso zakupsa zimagwera zosadetsedwa. Thirirani patsinde, osati pamasamba, kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo musasinthesinthe. Kusiya dothi liume gwa kenako n'kulikhuthulira madzi ambiri ndi kumene kumang'amba zipatso.

Tizilombo sitivuta kwenikweni. Mbande zongowokera zimadulidwa usiku ndi mbozi za m'nthaka, ndipo mukafukula pafupi ndi mbande yodulidwayo m'mawa mudzaipeza mboziyo itadzipinda. M'miyezi yotentha ya Sepitembala ndi Okutobala yang'anani kunsi kwa masamba. Mukaona timadontho totuwa ndi ulusi wopyapyala, ameneyo ndi kangaude wofiira uja amavutitsa tomato. Thotholani masamba ogwidwa kwambiri muwotche, ndipo otsalawo muwapopere kunsi kwake ndi madzi a sopo wochapira wosungunula pang'ono kapena a masamba a nimu, madzulo dzuwa litapepa. Mankhwala a m'sitolo pa chipatso chomwe ana amatola okha ine sindiwalimbikitsa. Tsinde likafota lonse dothi lili lonyowa, lizuleni ndi mizu yomwe, mulitaye kutali ndi kompositi. Nkhuku nazo zimadziwa kung'amba timatumba, ndiye kampanda n'kofunika.

Kuchokera pa duwa kufika pa chipatso chakupsa pamatenga masiku 70 mpaka 80, ndipo tsinde limodzi limapitiriza kuchita maluwa kwinaku likupsetsa, kotero mumakolola kwa miyezi ingapo. Kololani kawiri pa sabata, mame atauma. Tolani zogwera pa udzu, ndipo zina zomwe timatumba tauma zidulireni ndi kaphesi kake.

Pofuna kusunga, musachotse kathumba ndipo musatsuke. Jamu wosenda amayamba kufewa pakangopita masiku ochepa, pamene wa m'kathumba kouma amatha masabata atatu kapena anayi, nthawi zina kuposerapo. Yalani pa lichero kapena pa mphasa pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku awiri kuti timatumba tiume mpaka tizichita phokoso mukatigwira. Kenako sungani m'dengu kapena m'thumba la anyezi lija lamaukonde, osaunjika mozama, pamalo ozizira. M'jumbo ayi, amachita thukuta n'kuola. Muzisankhula masiku angapo alionse, kuchotsa aliyense amene kathumba kake kada kapena kanyowa.

Akachuluka, yanikani. Sendani, tsukani kuti kaulimbo kapakhungu kachoke, dulani pakati, muyale pa thandala lokwera mbali yodulayo itayang'ana kumwamba, ndipo muphimbe ndi nsalu yopyapyala yoyera kuti ntchentche ndi fumbi zisafike. Dzuwa la Okutobala limaumitsa m'masiku ochepa. Madzulo lowetsani m'nyumba chifukwa cha mame. Wauma bwino ngati mukamufinya satulutsa madzi koma akupindika osathyoka. Sungani m'botolo louma lotsekeka, ndipo muzithira m'phala la ana kapena m'zitumbuwa. Mu Juni ndi Julaye musayese kuyanika panja kuno, adzachita nkhungu asanaume.

Njira ina ndi kuphika jamu wopaka pa buledi, ndipo chipatsochi chimagwirana chokha popanda kuthira zolimbitsa za m'sitolo. Pa kilogalamu imodzi ya zipatso zosenda konzani magalamu 750 a shuga ndi madzi a ndimu imodzi. Phwanyani theka la zipatsozo, muike zonse m'poto ndi madzi osapitirira theka la kapu, muphike pamoto wochepa mpaka zifewe. Shuga alowe pambuyo pake, chifukwa mukamuthira poyamba makungu amalimba. Shuga akasungunuka sonkhezerani moto, muzitakasa ndi mthiko woyera wosanunkha ndiwo. Poyesa ngati wapsa, donthezani pang'ono pa mbale yozizira, dikirani kamphindi, mukankhe ndi chala. Akachita makwinya osayenderera, phulani. Mabotolo ndi zitsekero zake akhale atawiritsidwa m'madzi kwa mphindi 10. Thirani akadali wotentha mpaka pafupi ndi pakamwa pa botolo, pukutani m'mphepete, tsekani mwamphamvu, mulembe tsiku. Botolo losatsegula limakhala miyezi ingapo pamalo ozizira amdima. Mukatsegula, muzitapa ndi supuni youma ndipo lithe msanga. Mukaona nkhungu pamwamba kapena chitsekero chitatukuka, tayani lonse, osangochotsa pamwamba pokha.

Mukamaliza kukolola, mvula isanayambe, dulani tsinde kusiya masentimita 30 kuchokera pansi, muthire kompositi pang'ono, lidzaphukanso. Chaka chachiwiri limaberekabe bwino, koma pofika chachitatu zipatso zimachepa ndi kuchepera, ndiye fesani zatsopano pamalo ena. Magulu a amayi ndi achinyamata amene akuganiza zogulitsa ayambe ndi zipatso za m'timatumba, zomwe sizifuna zipangizo ndipo siziphwanyika panjira. Koma wa m'mabotolo, ngati mukufuna alowe m'masitolo, pitani kaye ku Malawi Bureau of Standards akakuuzeni zoyenera kutsata pa ukhondo wa malo ophikira ndi zolemba pa botolo musanagule mabotolo ambiri.