Momwe mungakonzere chithunzi chakale cha agogo pa foni ndi AI popanda kuwasintha nkhope

Kale kuno ku Ulongwe chithunzi chikang'ambika kapena chikanyowa ndi mvula yodontha padenga unkapita nacho kwa wojambula wokhala ndi kompyuta, iye n'kutsegula pulogalamu yokonzera zithunzi yotchedwa Photoshop n'kuyamba kumata malo owonongekawo pang'onopang'ono ndi mausi, mwina akuuze kuti mubwere Lachisanu, ndipo ena amachita kukwera chapa mpaka ku Tete kukafuna wodziwa bwino. Photoshop inatuluka mu 1990 ndipo kuti uidziwe pamafunika kuphunzira ndithu. Pano zambiri mwa zimenezi foni ikuchita yokha mu mphindi zochepa ndi AI, nzeru zochita kupanga za makompyuta, ngakhale Photoshop yomweyo nayonso anaiyikamo AI. Ine ndakonza chithunzi cha malemu agogo anga aakazi mwezi wathawu, ndiye ndikuuzeni momwe ndinachitira ndi pomwe ndinatsala pang'ono kulakwitsa.

Ntchito yaikulu ili poyambirira, pojambula chithunzi chakalecho ndi foni, chifukwa mukajambula chopendekeka kapena chonyezimira AI idzakonza zolakwika zanuzo m'malo mokonza chithunzi. Chichotseni mu felemu kapena mu pulasitiki, muchipukute fumbi ndi kansalu kouma, madzi ayi, ndiye muchigoneke pa tebulo pakhonde m'mawa pamthunzi pomwe pakuwala koma dzuwa silikuwomba. Flash muzimitse. Foni ikhale pamwamba penipeni, isapendekere mbali. Ngati chithunzicho ndi chija chonyezimira, pali app ya Google yotchedwa PhotoScan, imakuuzani kuti muyendetse foni pa timadontho tinayi kenako imaphatikiza zonse n'kuchotsa kunyezimirako.

Musanakhudze chilichonse sungani kaye chomwe mwajambulacho, mudzitumizire pa imelo kapena muchiike pa Google Drive. Izi musazidumphe chonde.

Kenako tsegulani Google Photos, musankhe chithunzicho n'kudina Edit, kapena Editar poti mafoni ambiri kuno ali mu Chipwitikizi. Mufufuze Magic Eraser, ena pamalembedwa Borracha mágica. Iyiyi inayamba mu 2021 pa mafoni a Pixel 6 okha koma kuyambira 2024 Google inaitsegulira anthu onse ulere, bola foni yanu isakhale yakale kwambiri. Mumangozunguliza ndi chala malo omwe ali ndi banga, kaya pomwe mphemvu zinadya, iyo n'kudzaza malowo potengera zomwe zili pambali pake. Pakhoma, pansi, pa mtengo wa kumbuyo imagwira bwino zedi. Chitani kamalo kamodzikamodzi, mukazunguliza dera lalikulu nthawi imodzi imapaka zinthu zosamveka, ine inandiikira ngati chidutswa cha mpanda pomwe panali mtondo.

Tsopano nkhope, apa ndiye pofunika kudekha. Ambiri timathamangira ku app yotchedwa Remini chifukwa nkhope yosaoneka bwino imaitulutsa yowala ngati yajambulidwa dzulo. Imafuna intaneti, ndiye onetsetsani kuti ma mega alipo, kaya a Movitel kaya a Vodacom, komanso ikakufunsani zolipira pa sabata werengani kaye musanadine, ya ulere ilipo kungoti imakuonetsani zotsatsa malonda. Koma dziwani kuti AI sikumbukira agogo anu, siinawaonepo. Imangoyerekeza kuchokera ku nkhope zambirimbiri za anthu ena zomwe inaphunzirapo, ndiye pomwe sipakuoneka imangopeka maso, mano ndi khungu.

Agogo anga anali ndi mphini m'masaya, timizere titatu mbali iliyonse, ngati amayi ambiri akale a kuno. Remini inaona ngati ndi zokalika za papepala n'kuzifufuta zonse, khungu n'kukhala see ngati la mtsikana. Ine ndinasangalala poti chinali chowala, ndinathamanga nacho kwa amayi anga omwe anali pa mphasa akutong'ola chimanga. Anagwira foni nthawi yaitali, anaibweza patali, anaiyandikitsanso, kenako anati, "Mwanawe, mayi ameneyu ndi wokongola koma si amayi anga ayi." Mawu amenewo anandilasa mtima, chifukwa chithunzi cha agogo chilipo chimodzi chokhachi basi.

Ndiye inu mukamaliza kukonza nkhope, yendetsani kamzere ka pakati mu Remini komwe kamaonetsa chakale mbali ina chatsopano mbali ina, muyang'anitsitse mphuno, mpata wa mano, zipsera, makwinya, ndipo mupite nacho kwa wamkulu yemwe ankamudziwa munthuyo, azakhali kaya amalume, iwowo ndi amene anganene ngati ali yemweyo. Akakayika bwererani ku chija munasunga chija. Ine ndinatero, nkhope ndinaisiya momwe inalili, ndinangowonjezera kuwala pang'ono ndi app ina yotchedwa Snapseed basi.

Zopaka mitundu pa chithunzi cha black and white nazonso n'zongopeka, kapulana yomwe inali yofiira ikhoza kutuluka yobiriwira, funsani kaye omwe anaiona. Komanso kumbukirani kuti ma app ngati Remini amatumiza chithunzicho ku makompyuta awo kunja, ndiye cha mwini wake kapena cha ana a eni ake pemphani kaye. Chithunzi cha pa chitupa cha BI kapena pasipoti musachikhudze n'komwe ndi zimenezi, chimafunika nkhope yanu yeniyeni.

Potumizira abale a ku Moatize, ku Beira kapena kutsidya ku Dedza, pa WhatsApp dinani HD kapena muchitumize ngati document, mukangotumiza wamba WhatsApp imachifinya n'kutaya kuwala konse mwavutikira kuja. Kwa wochapa zithunzi nakonso pitani ndi fayilo yeniyeniyo, osati screenshot, ndipo mumupemphe akuonetseni pa kompyuta yake asanachape. Chathu tinachapitsa ziwiri, china chili kwa amalume ku Domwe, china amayi anachipachika pabalaza pamwamba pa wailesi, mphini zonse zisanu ndi imodzi zikuoneka.