Khalidwe la ophunzira za ambulansi tiziliyeza bwanji?

Anzanga amene mumayenda ndi ophunzira mu ambulansi kuno ku Harare, nkhani yanga ndi ya fomu ya malikisi ija timasainira mwana, wophunzirayo, akamaliza attachment, nthawi yophunzira ntchito ali nafe mu ambulansi. Mbali ya CPR, kutsitsimutsa munthu amene mtima waima, siyivuta chifukwa ukuona ndi maso, akukankha pachifuwa ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama masentimita 5 mpaka 6, akakankha ka 30 mpweya kawiri, wakhoza kapena walephera basi. Koma tikafika pa khalidwe la pantchito ambiri timangolemba kuti ali bwino, eti poti amatipatsa moni komanso yunifomu ndi yosita. Kumeneko sikuyeza ayi, ndipo mawa mwana yemweyo akalembetsa ku Allied Health Practitioners Council of Zimbabwe, bungwe limene limapereka chilolezo cha ntchito yathuyi, azikagwira odwala yekha ndi siginecha yathu.

Khalidwe limayezeka mukaliduladula kukhala zinthu zooneka. Wafika nthawi yanji, wayang'ana silinda ya oxygen ndi suction, makina okoka malovu ndi masanzi kukhosi, asanauzidwe? Mwatsitsa wodwala, sitirecha waipukuta ndi chlorine kapena wangoikankhira mkati? Amene tinalipo pa kolera ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro izi sitimazitenga mwamasewera.

Koma pamene mwana amaonekera bwino ndi pakhomo pa wodwala. Mwaitanidwa ku Mabvuku agogo agwa kubafa, aneba adzaza pakhomo ena mpaka pawindo. Inu khalani pambali pang'ono muone. Wophunzira wabwino amagwada kuti nkhope zifanane, amanena dzina lake, amamva kaye ngati agogowo akuyankhula Chishona kapena Chichewa chathu, kenako amapempha asanasunthe chitenje, ndipo amauza m'bale mmodzi atseke chitseko. Wina amangofika n'kuyamba kuvula munthu wamkulu pagulu uku akufunsa mafunso kwa ana osati kwa mwini thupi. Onse awiri BP aiyeza molondola koma pa fomu asafanane, ndipo mulembe zimene mwaona ndi tsiku lake, osati kungoti alibe ulemu.

Za foni ndiye ine sindinyengerera. Ngozi pa Seke Road, mwana watulutsa foni kujambula ovulala kuti atumize pa WhatsApp, ameneyo walephera tsiku limenelo ngakhale drip amaika bwino chotani.

China chimene tisamachiphonye ndi chilungamo pa pepala. Mukafika ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, pa chipatala cha Parirenyatwa kapena Sally Mugabe, musiyeni apereke yekha lipoti kwa anesi inu mukumvetsera, kenako muyang'ane zimene walemba. Ngati shuga sanayeze alembe kuti sanayeze, manambala ongopeka amasocheretsa adokotala. GCS, muyezo wa mmene munthu watsitsimukira, imayambira 3 kulekeza 15 kwa amene ali bwinobwino, ndiye munthu amene akuyankhula zosokonekera sangakhale pa 15, mukaona walemba 15 mufunseni ngati ndi kusadziwa kapena ulesi chifukwa kakonzedwe ka ziwirizi n'kosiyana. Mwana amene amabwera yekha kudzanena kuti pamenepa ndaiwala ine ndimamupatsa malikisi ambiri kuposa wooneka ngati salakwa.

Ndiye musayeze tsiku limodzi, komanso musayeze nokha. Pa mayeso aliyense amakhala mngelo, koma muoneni 3 koloko usiku atatopa, wodwala ali woledzera akutukwana ndi kusanza. Funsani adalaivala, funsani anesi amene amalandira odwala, ngakhale ophunzira anzake, aliyense alembe payekha. Munthu mmodzi akadandaula mwina ndi kusagwirizana chabe, koma atatu akanena chinthu chimodzi pamenepo pali nkhani. Mwanayo nayenso mumupatse fomu yomweyo adziyeze, mudzaona kuti amene amavuta kwambiri nthawi zambiri amadzipatsa malikisi apamwamba, ndipo kukambirana kuyambire pa kusiyana kumeneko.

Ife a Chichewa tisamale ndi zoti uyu ndi wakwathu, makolo ake tikuwadziwa ku tchalitchi ku Mbare ndiye tingomudutsitsa. Ngati mukumudziwa chonchi pemphani mnzanu wina ayeze naye. Ndipo zimene mwapeza muzimuuza shift isanathe, muli awiri kuseri kwa ambulansi osati pamaso pa wodwala, mugwirizane chinthu chimodzi choti akonze ndi tsiku limene mudzachionenso.