Mmene mungadziwire ngati filimu ya Gordie Howe ikunena zoona kapena yangokometsera nkhani

Filimu ikangoyamba ndi mawu oti yachokera pa nkhani yoona ambirife timangomeza zonse, mawa lake tayamba kutsutsana ndi anzathu ngati kuti tinaliko. Ine ndimakonda kwambiri ice hockey, masewera aja osewera amatsetsereka pa ayezi atavala nsapato zokhala ndi kachitsulo konga mpeni kunsi kwake uku akulimbirana kachimbale kakuda ka labala kotchedwa puck, ndipo munthu amene ndimamupatsa ulemu kuposa onse pa masewerawa ndi Gordie Howe wa ku Canada, yemwe anthu anachita kumutcha Mr. Hockey. Mu 2013 kunatuluka filimu ya pa TV yotchedwa Mr. Hockey: The Gordie Howe Story, ndiye kaya mwaionera kale kaya mukufuna kuionera, nazi zomwe ine ndimachita kuti ndisiyanitse mbiri yeniyeni ndi zowonjezera za olemba filimu.

Musanayatse TV lembani kaye zaka zingapo papepala, mukhale nazo pafupi. Howe anabadwa pa 31 March 1928 ku Floral m'chigawo cha Saskatchewan, anayamba kusewerera Detroit Red Wings, timu ya mu NHL yomwe ndi ligi yaikulu ya masewerawa ku America ndi ku Canada, mu 1946 ndipo anakhala timu imeneyi masizoni 25, nkutenga nayo Stanley Cup, chikho cha ligiyi, kanayi, mu 1950, 1952, 1954 ndi 1955. Anasiya kusewera mu 1971 nyamakazi itamuvuta pa dzanja. Koma filimuyi yatsamira pa zomwe zinachitika pambuyo pake, mu 1973, pomwe bamboyu ali ndi zaka 45 anabwereranso pa ayezi kuti asewere timu imodzi ndi ana ake awiri, Marty wa zaka 19 ndi Mark wa zaka 18, ku Houston Aeros ya ku Texas. Mukakhala ndi zaka zimenezi m'manja simuvutika kuona pomwe filimu yapanikiza zinthu za miyezi ingapo kuti zioneke ngati zachitika sabata imodzi, chifukwa zimenezi mafilimu a mbiri ya munthu amachita kawirikawiri kuti nkhani ikwane mu ola limodzi ndi theka.

Kenako samalani ndi nkhani ya ma ligi, apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka ngakhale filimu isananame nkomwe. Houston Aeros siinali mu NHL ayi, inali mu WHA, ligi ina yomwe inayamba mu 1972 kudzapikisana ndi NHL ndipo inatha mu 1979. Ndiye chikho chomwe a Howe atatuwa anatenga mu 1974 ndi 1975 sichinali Stanley Cup, chinali Avco Cup. Ndipo chifukwa chomwe anyamatawo anapitira ku WHA nchoti nthawi imeneyo NHL inkatenga osewera atsopano akakwanitsa zaka 20, iwo anali asanafike. Mukamva wina mufilimu akulankhula ngati kuti zonsezi ndi ligi imodzi, dziwani kuti afupikitsa nkhani.

Manambala ndi osavuta kutsimikiza chifukwa gemu iliyonse inkalembedwa. Imitsani filimu pomwe atchula zigoli kapena mapointi (zigoli za wosewera kuphatikiza nthawi zomwe wapatsira mnzake puck nkugoletsa), tsegulani intaneti, fufuzani sizoni imeneyo pa webusaiti ya NHL kapena ya Hockey Hall of Fame ya ku Toronto kapena masamba ena osunga ma rekodi a masewera. Mu sizoni ya 1973–74 Howe anapeza mapointi 100 ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu WHA, munthu wa zaka 46 tangoganizani. Zigoli 801 zomwe zimatchulidwa kawirikawiri ndi za mu NHL mokha, za ku WHA zimawerengedwa padera, choncho mukaona manambala awiri osiyana musathamangire kunena kuti wina wanama, onani kaye kuti akuwerenga ziti.

China, ndipo ichi ine chimandisangalatsa kwambiri, ndi kuyang'anitsitsa zooneka ndi maso. Pezani zithunzi zakale kapena timavidiyo ta magemu a nthawi imeneyo pa YouTube muziyerekeze ndi za mufilimu. Osewera ambiri a m'ma 1970 ankasewera mutu uli pamtunda, NHL inadzalamula zovala zipewa zoteteza mutu mu 1979 ndipo lamulolo linkakhudza osewera atsopano okha, Howe mwiniwake ankadziwika kuti amasewera wopanda chipewa ngakhale mu 1950 anavulala mutu koopsa pa gemu yolimbana ndi Toronto mpaka anamuchita opaleshoni. Ndodo zinali zamtengo osati zopepuka za masiku anozi. Nambala ya pa jezi nayo imaulula zambiri, Howe timamudziwa ndi 9 koma sizoni yake yoyamba ku Detroit ankavala 17, ndiye filimu iliyonse yomuonetsa akusewera gemu yoyamba ya 1946 atavala 9 yaphonya pamenepo. Ndi kanthu kakang'ono inde koma kamakuuzani ngati opanga filimu anafufuza mozama kapena anangodutsamo.

Pomwe pali povuta penipeni ndi pa zokambirana za m'nyumba. Zomwe Gordie ndi mkazi wake Colleen ankauzana kuchipinda palibe kamera inajambula, mawu onse amene mukumva pamenepo ndi a wolemba filimu. Chomwe mungatsimikize ndi maziko ake, ndipo maziko alipo, Colleen ndi amene ankayendetsa za makontrakiti a mwamuna wake ndi ana, pa nthawi yomwe azimayi ochita ntchito imeneyi pa masewera anali osowa zedi, ndipo kochi wa Aeros, Bill Dineen, anasewerapo limodzi ndi Howe ku Detroit kalelo. Ndiye mukaona mayiyu akulimbana ndi mabwana a timu musaganize kuti amukulitsa dala, khalidwe limenelo ndi lake ndithu, koma mawu enieniwo musawatenge nkukawalemba pena ngati iye anawalankhuladi. Njira yabwino apa ndi kuwerenga zomwe anthu angapo amene analipo ananena payekhapayekha, Gordie ali ndi buku la moyo wake, Mark nayenso ali ndi lake, nyuzipepala za ku Detroit ndi ku Houston za nthawiyo zinalembanso zambiri. Nkhani ikapezeka mofanana kwa anthu awiri kapena atatu osiyana ine ndimaikhulupirira, ikangopezeka mufilimu mokha ndimaiika pambali kaye.

Chenjeraninso ndi mbiri zomwe zakula chifukwa chobwerezedwa, izi sizichokera kwa opanga filimu okha, ngakhale ife okonda masewerafe timazifalitsa. Pali chomwe amachitcha Gordie Howe hat trick, kutanthauza kuti pa gemu imodzi munthu wagoletsa, wapatsira mnzake puck nkugoletsa, komanso wamenyana ndi wina. Dzinalo limapangitsa munthu kuganiza kuti Howe ankachita zimenezi sabata iliyonse, pomwe pa zaka zonse zomwe anasewera zinamuchitikira kawiri kokha. Anali wolimba zedi ndipo zigongono zake ankaziopa, zimenezo nzoona, koma mukaona ndewu iliyonse mufilimu funsani kuti inali gemu iti, tsiku liti, nkukaona ngati pa rekodi ya gemuyo analembadi chilango cha ndewu.

Pomaliza werengani timawu tija amalemba kumapeto kwa filimu tonena zomwe zinadzachitika pambuyo, nato muzititsimikiza. Howe anachoka ku Houston mu 1977 ndi ana ake kupita ku New England Whalers, timuyo italowa mu NHL mu 1979 pa dzina loti Hartford Whalers iye anasewera magemu onse 80 a sizoniyo nkugoletsa zigoli 15, kenako anapuma mu 1980 ali ndi zaka 52. Anamwalira pa 10 June 2016 ali ndi zaka 88, filimuyi itatuluka kale, ndiye zimenezo simungazipezemo.